Mapiritsi a M'chikwama cha Amayi

Ndinkapukuta makapu a alendo, aja a maluwa abuluu omwe amakhala m'kabati chaka chonse. Ndinkatenga imodzi, kuipukuta, kuiyang'ana pawindo, n'kuipukutanso. Sikuti anali akuda. Khitchini yathu ndi chipinda chochezera zangolekanitsidwa ndi katani, ndipo kuseri kwa kataniyo amayi ndi azakhali ankakamba za ine.

Azakhali ndi mlongo wawo wa malemu bambo. Ali ndi kasitolo kumzinda wina komwe amakopera anthu mapepala ndi kuwalembera zinthu pa kompyuta. Mtsikana amene ankawathandiza anali atakwatiwa, ndiye anabwera kudzanditenga. Masana ndizigwira ntchito, madzulo ndizipita kusukulu ya kompyuta yomwe ili pafupi ndi sitoloyo. Chimalizireni sekondale ndinali ndisanalakelakepo chinthu ngati chimenechi, koma sindinauze munthu. Ine kulankhula kumandivuta. Mawu amafika pakhosi n'kubwerera, ndipo akabwerera amakathera m'mimba.

"Alamu, mwanayu inu simumudziwa," anatero amayi. "M'mimba mwake simuchedwa kukwiya. Basi ikangodumpha kadzenje, muimitsa dalaivala pathengo."

"Madalaivala anazolowera kuima," anayankha azakhali.

Katani inagwedezeka, mutu wa achimwene n'kusuzumira. Iwo amameta anthu tsitsi pamsewu wathu womwewu, ndipo nthawi ya nkhomaliro salephera kubwera.

"Alonda, chakudya tidya lero kapena tibwere mawa?"

Amanditchula Alonda chifukwa amati ndimakhala pafupi ndi chitseko cha chimbudzi ngati ndinalembedwa ntchito yochilondera. Ndinatenga kapu ina.

Vuto langali linayamba chaka cha mayeso. Ndikangodya, m'mimba munkapotokola ngati munthu akufinya thaulo lonyowa. Masiku ena ndinkatsegula m'mimba, masiku ena ndinkadzimbidwa mpaka siketi kukana kutseka. Kuchipatala anandiyeza magazi, anandiyeza chimbudzi, osapeza kanthu. Dokotala wake anali wachinyamata, wolankhula mofatsa. Anati matumbo anga alibe bala, kungoti ndi amantha ngati mwini wake: amadzikunga pa zinthu zazing'ono. Anandilembera timapiritsi toyera tofewetsa minofu ya matumbo kuti isamakokane. Anati si tochiritsiratu ayi, koma tochepetsa kupotokola, ndipo ndizimwa kanthawi ndisanadye kuti chakudya chizipeza matumbo atafatsa kale. Anatinso ndikadzaona magazi kapena kuyamba kuonda, ndidzabwerere msanga.

Amayi anali pompo, akugwedeza mutu pa mawu aliwonse. Titatuluka, anatenga mapiritsiwo n'kuwaika m'chikwama chawo chakuda, m'kathumba ka zipi momwe amasunga makiyi.

"Mankhwala samwedwa m'mimba mopanda kanthu," anatero titafika kunyumba. "Amaboola chifu. Dokotala uja ndi mwana wadzana, ndevu zomwe alibe."

Kuyambira tsiku limenelo ndinkalandira piritsi ndikamaliza kudya. Linkafika nkhondo itayamba kale, ngati wozimitsa moto wofika denga litagwa. Ndinkadziwa kuti si mmene dokotala ananenera. Koma chimwalirireni bambo, amayi akagwira chinthu amagwira ndi manja awiri, ndipo ine ndi chikwamacho tinali m'gulu la zinthu zogwiridwazo.

Tsiku lina atangondipatsa piritsi, foni yawo inalira. Ndinatsala ndili nalo m'manja. Ndinalikulunga m'kampango, ndipo madzulo ndinalimwa mphika usanaphulidwe. Ndinadya, ndinadikira thaulo lija kuti lifinyidwe, koma m'mimba munangolira pang'ono n'kukhala chete. Chiyambire pamenepo, piritsi lililonse linkagona m'kampango kudikira chakudya chotsatira. Amayi akandipatsa, ndinkafikitsa dzanja pakamwa, kumwa madzi okhaokha, n'kunena kuti zikomo. Ndi chifukwa chakenso ndinkachedwa ndi makapu tsiku limeneli: piritsi lomwe anandipatsa m'mawa ndinali nditangolimeza, ndipo ndinkalipatsa mpata woti lifike.

Sikuti ndinachira. Nyemba ndi kabichi zinkandizunzabe, ndipo ndikada nkhawa matumbo ankadziwa ine ndisanadziwe. Koma masiku abwino anachuluka. Amayi anaona kusinthako n'kuyamba kuuza aliyense, ngakhale wogulitsa makala, kuti mwana wawo ali moyo chifukwa cha dzanja lawo.

Ndinaika mpunga ndi nkhuku pathebulo. Amayi anandigawira okha, kuchotsa khungu la nkhuku, kukankhira msuzi kutali ndi ine.

"Mwaona, alamu? Izi ndiye ntchito zake. Inu mungazithe, ndi makasitomala ali pamzere?"

"Mwana wa malemu achimwene ali ndi manja," anatero azakhali. "Khungu la nkhuku angachotse yekha."

"Nanga mapiritsi? Inu amene munaiwala magalasi anu mufiriji?"

"Kamodzi kokha kameneko."

"Azakhali, ingofunsani chinthu chimodzi," analowererapo achimwene, fupa lili m'manja. "Kusitolo kwanuko chimbudzi chili mbali iti? Chikakhala kutali, Alonda sangavomere ntchito. Amafuna ofesi yoyandikana."

"Iwe, idya," anatero amayi, koma anali akumwetulira.

"Ndikungothandiza. Komanso akachoka, ine ndizisamba nthawi yake. Panopa munthu umachita kupempha chilolezo."

Azakhali anaseka mpaka kupukuta m'maso. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga mwini wake akuti chiyani? Iwe, ukufuna kupita nane?"

Ndinatsegula pakamwa.

"Sakufuna," anatero amayi. "Ndi wamanyazi. Kasitomala akamukalipira, alira. Akalira, m'mimba muyamba. Ndimamudziwa ine, ndinamubereka ndine."

Ndinatseka pakamwa paja. Pansi pa mchombo panayamba kukoka pang'onopang'ono. Ndinapumira m'kati, n'kuyang'ana maluwa a pakapu. Azakhali anandiyang'anabe kanthawi, kenako anabwerera ku mbale yawo. Ndinaona kuti atsala pang'ono kugonja. Mawa lake akwera basi okha, akapeza mtsikana wina wodziwa kuyankha akafunsidwa, ndipo ine nditsala ndi kabati ndi katani.

Titamaliza kudya, amayi anakoka chikwama chawo. Zipi inalira. Anatulutsa piritsi n'kulikweza m'mwamba kuti azakhali alione bwino.

"Katatu patsiku, akangomaliza kudya. Sindinaphonyepo. Ndi chifukwa chake mukumuona wonenepa chonchi."

Analiika m'dzanja langa. Masiku onse amayi akandipatsa ankatembenukira ku mbale, koma tsiku limeneli anthu atatu onse anali maso pa ine.

"Mezani, Alonda, alendo aone luso," anatero achimwene.

Ndinayang'ana piritsilo. Ndikanatha kulimeza, nkhani n'kuthera pomwepo. Ndinatulutsa kampango kanga m'thumba, kukayala pathebulo pakati pa mbale, kuika piritsi pakati, n'kukapinda bwinobwino.

"Ukutani?" anafunsa amayi.

"Ndikusungira chakudya chamadzulo." Mawu anatuluka aang'ono, koma anatuluka. "La nkhomaliro ndamwa kale kukhitchini, tisanadye. Ndimatero masiku onse, amayi. Mmene ananenera dokotala."

"Wopanda ndevu uja?"

"Yemweyo."

Achimwene anaika fupa pansi. "Ndiye kuti madzi aja mumamwa mwaulemu aja..."

"Ndi madzi basi."

Azakhali anaphimba pakamwa ndi dzanja, mapewa akugwedezeka. Amayi sanaseke. Anayang'ana kampango, anayang'ana chikwama chili chotsegula pamiyendo pawo, ndipo nkhope yawo inaoneka yotopa. Zinandimvetsa chisoni, moti mawu otsatira anatsala pang'ono kubwerera kumene amabwerera. Ndinawakankha.

"Kabichi munandiletsa, munachita bwino. Nyemba, munachita bwino. Botolo la madzi otentha lija mumandiikira pamimba limandithandiza kuposa mmene mukudziwira. Koma matumbowa ndi anga, amayi. Ndimawamva akamayamba. Ndikudziwa chowakwiyitsa ndi chowatonthoza."

"Nanga ukakadwala kumeneko, ine kulibe?" Anafunsa motsitsa, osati ngati akufuna kupambana.

"Ndikadwala ndithu. Kunonso ndimadwala. Ndikagona pang'ono, ndikadzuka, ndikakuimbirani foni kuti mundikalipire."

Achimwene anatsegula pakamwa kuti aponyepo kena, koma azakhali anawagunda ndi chigongono.

"Azakhali anafunsa ine," ndinapitiriza. "Yankho langa ndi lakuti ndikufuna. Ndakhala ndikufuna chibwerereni iwo dzulo. Kasitomala akandikalipira mwina ndilira, koma ndikatha kulira ndimukopera mapepala ake. Ndipita nawo mawa, amayi. Mapiritsi otsalawo mundipatse, ndizisunga ndekha."