Mzere Wachikasu

Mphunzitsi wina anapatsidwa ntchito yolemba kabuku ka mbiri ya mbendera ya chigawo chawo, poti inali kukwanitsa zaka makumi asanu. Anzake ankamuseka kuti sakhetsa thukuta, chifukwa amene anaijambula mbenderayo anali bambo ake omubala, mkulu wolemba zikwangwani amene maso anali atayamba kufooka.

Loweruka m'mawa anawapeza bambowo m'kachipinda kawo kogwiriramo ntchito, akusenda penti wouma pa burashi ndi chikhadabo. Monse munkanunkha palafini. Anakhala pa chitini, nawawerengera zomwe mabuku a sukulu amanena: kubiriwira ndi minda, mbalame yoyera ndi mtendere, mzere wachikasu wapakati ndi kuwala kwa tsogolo.

Bambowo anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasolola kalendala yakale pansi pa mulu wa malata, naitembenuza. Kuseri kwake kunali mbendera ija, yojambula pamanja, ngodya imodzi itadyedwa ndi mbewa.

Anafotokoza kuti mpikisano wojambula mbenderayo anaumva pa wailesi ali mnyamata wongokwatira kumene. Za minda zinali zoona. Mbalame inawavuta, yoyamba inatuluka ngati bakha wodwala, mpaka mkazi wawo anawafunsa ngati akujambula ndiwo. Koma pakati panali pambalambanda, ndipo anakhala masiku atatu osadziwa choikapo.

“Tsiku lachinayi amako anaima pakhomo apo, atamanga duku lachikasu, dzuwa lili kumbuyo kwawo. Basi, ndinangotola burashi.”

Za kuwala kwa tsogolo, anatero, anabwera nazo ndi akuluakulu a komiti ya mpikisanowo. Bambowo anangogwedeza mutu, ali mu jekete lobwereka lowathina m'khwapa.

Mphunzitsiyo anayang'anitsitsa mzere wachikasu uja. Mayi ake anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo zithunzi zawo ziwiri zomwe zinatsala zinali zopanda mtundu. Mzerewo ankauona m'mawa uliwonse pa bwalo la sukulu osauganizira n'komwe.

“Ndiye ndilembe ziti, bambo?”

“Lemba za m'bukuzo, mwana wanga. Anthu aiimirira mbenderayi zaka zonsezi akukhulupirira zimenezo, yasanduka yawo. Izi ndauza iwe.”

Mphunzitsiyo anatsutsako pang'ono, kuti mbiri imafuna zoona zokhazokha. Bambowo anati akalemba, alendo azibwera kudzafunsa za malemu ngati za msika, ndipo iwo analibe mphamvu zoyankha aliyense. Anagwirizana kuti m'kabukumo mulowe chithunzi cha kalendala ndi nkhani ya bakha, zinazo zitsale m'nyumba.

Anatseka kope lake, koma sanadzuke. Anafunsa ngati mayi ake ankakonda kuimba, ngati anali aukali, ngati ankayenda mofulumira monga iye. Bambowo anaika burashi pansi, nayamba kuyankha limodzilimodzi, mosathamanga. Dzuwa linafika pamutu akadali momwemo, mpaka mpongozi wa bambowo anabwera kudzawaitana kuti chakudya chikuzizira.