Mzere Wofiira pa Khoma la Don Eleuterio

Don Eleuterio Burgos anakhala khansala wa tauni ya Vega Honda mpaka matenda a shuga atawadya mwendo, ndipo pa malamulo onse amene anavotera sanawerengepo ngakhale limodzi. Kuwerenga inali ntchito ya makalaliki. Yawo inali kuyankhula.

Nyumba yawo anaimanga pamizati, monga amachitira aliyense wa m'mbali mwa mtsinje. Ndipo monga amachitiranso aliyense, zitadutsa zaka zingapo madzi osasefukira, anatseka kunsiko ndi mabuloko n'kupanga chipinda. Mwendo utadulidwa anatsikira m'chipindamo ndi njinga yawo ya olumala, pamwamba n'kusiyira mwana wawo Wilfredo ndi mkazi wake Migdalia. Ankati m'menemo adzatulukamo ali m'bokosi basi. Migdalia ankayang'ana chipindacho, n'kuyang'ana galimoto yake ikupsa ndi dzuwa pamsewu.

Kenako boma lalikulu linati tauni iliyonse ikonzenso malamulo ake a madzi osefukira, apo ayi anthu ake achotsedwa pa inshuwalansi ya boma. Meya anafuna munthu waimvi woti akaikire kumbuyo lamulo latsopanolo pamsonkhano. Migdalia ndiye anawasitira malaya oyera a guayabera, n'kuwakankha yekha mpaka kuholo.

"Apongozi, lero akumveni. Makhansala a masiku anowa pakamwa n'polemera."

"Wanena zoona, mwana wanga. Kani Wilfredo anasankha bwino."

Pamsonkhanopo Don Eleuterio anayankhula mpaka khofi anazizira. Anatchula anamondwe onse mayina awo ngati akutchula adzukulu. Anati wophwanya lamuloli asamveredwe chisoni, kaya ndi wa chipani chiti. Mayi wina wogulitsa nkhanu atafunsa za anthu ogona kunsi kwa nyumba, anamuuza kuti msonkhano si msika. Anthu anaomba m'manja, lamulo linadutsa.

Sabata yotsatira kunabwera Efraín, woyendera nyumba wa khonsolo, atanyamula chitini cha penti. Anayambira kwa a Burgos chifukwa wina wa pakhomopo anali ataimba foni. Anayeza, n'kujambula mzere wofiira pakhoma, pamwamba pa bedi.

"Mapu atsopano akuti madzi amafika apa, bwana. Kunsi kwa mzerewu sikugona munthu. Makomawa agwe, madzi azidutsa. Ndiponso chipindachi munamanga popanda chilolezo."

"Zilolezo ndinkapereka ndine, iwe. Ukudziwa ukuyankhula ndi ndani?"

"Ndinalipo kuholo kuja. Ndinaomba nawo m'manja."

"Nanga pansi pano pazikhala chiyani?"

"Galimoto ndi katundu. Zimenezo n'zololedwa."

Don Eleuterio anaimbira meya, yemwe anamvetsera mwaulemu wonse.

"Akuluakulu, ndikangokusiyani inu, tauni yonse itaya inshuwalansi. Komatu munayankhula tsiku lija. Mpaka pano anthu akusimbabe."

Iwo anathokoza, chifukwa zinali zoona.

Panatsala pamwamba. Wilfredo anawanyamula kuti ayese, koma Don Eleuterio sanali munthu wochepa thupi. Pakati pa masitepe mwanayo anakhala pansi, bambo ake ali pamiyendo pake ngati thumba la mpunga, onse awiri ali wefuwefu. Migdalia anaima pamwamba, manja ali m'chiuno.

"Ndiye uziwanyamula chonchi ulendo uliwonse wa kuchipatala? Msana wakowo uli nawo wina wosinthira? Kwa masisitere osunga okalamba kuphiri kuja malo alipo. Ndinafunsa kale."

"Liti?" anafunsa Wilfredo.

"M'mawa wa tsiku la msonkhano."

Wilfredo anawatsitsa bambo ake pang'onopang'ono. Kutsika kunali kosavuta.

Loweruka amisiri anafika ndi nyundo zazikulu. Anawakankhira Don Eleuterio kumsewu kuopa fumbi, sutikesi ili pamwendo. Anthu a mumsewuwo anaonerera ali m'makonde apamwamba. Ambiri a iwo anali ndi nkhalamba zawozawo kunsi, ndipo Efraín anali atawayendera kale. Don Eleuterio anawakwezera dzanja ngati pa kampeni. Panalibe amene anakweza lake.

Galimoto ya masisitere inafika khoma loyamba litagwa. Dalaivala anatsika akutafuna chingamu.

"Dzina, madala?"

"Khansala Burgos."

Dalaivalayo anakanda m'mutu. "Ine anandiuza kuti Eleuterio, wa mwendo umodzi, osam'patsa zotsekemera. Ndinu?"

Don Eleuterio anayang'ana kukhonde la nyumba yawo. Wilfredo anali atalowa m'nyumba.

"Ndine," anatero.