Khutu la Madala

M'kalasi ya ukalipentala chaka chimenecho munali ophunzira khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo wamkazi anali mmodzi yekha. Anzake ankamutcha Nautuchi chifukwa tsitsi lake silinkasowa utuchi, kaya avale mpango kaya asavale. Dzinalo linayamba ngati chipongwe koma linamukanirira, mpaka aphunzitsi omwe ankamuitana choncho.

Benchi yake inali ya pakona, pafupi ndi zenera losweka, ndipo ankagwirira limodzi ndi bambo ena achikulire amene onse ankangowati Madala. Bambowa anagwira ntchito zaka makumi awiri pa fakitale yopinda malata, mpaka phokoso la makina linawagonthetsa. Khutu lakumanzere linaferatu, lakumanja linkamva pokhapokha munthu alankhulire pafupi. Atawachotsa ntchito, anabwera kusukulu ya ntchito zamanja kudzafuna satifiketi. Matabwa ankawadziwa kale, poti bambo awo anali mmisiri, koma pepala analibe.

Chinzake chawo sanachite kupangana. Sabata yoyamba, Nautuchi anaona kuti mphunzitsi akamalankhula atayang'ana kubolodi, Madala ankangogwedeza mutu osatolapo kanthu. Anawakoka malaya n'kuwabwerezera mawuwo kukhutu labwinolo. Kuyambira pamenepo zinangokhala choncho tsiku ndi tsiku. Nawonso Madala sanaumire luso lawo. Anamuphunzitsa kunola tchizulo mpaka imete cheya cha pamkono, kuyang'ana kumene mitsempha ya thabwa yalowera asanayambe kupala, ndi kugwira sowo mosalimbana nayo.

"Sowo si mbuzi yoti uzichita kuikoka," ankatero. "Ingoilozera njira, ipita yokha."

Anyamata akamuseka kuti manja a mkazi ndi ochapira, Madala sankamva mawuwo koma ankaona nkhope ya mtsikanayo ikugwa. Ndiye ankafunsa mokweza, monga amalankhulira anthu ovutika kumva, "Wati chiyani ameneyo? Abwereze. Khutu ndili nalo limodzi koma manja ndili nawo awiri."

Kumapeto kwa chaka chachiwiri kunabwera mpikisano wa masukulu khumi. Sukulu iliyonse inkatumiza ophunzira awiri, ndipo wopambana ankalandira bokosi la zipangizo zatsopano komanso ntchito pa kampani ina yopanga mipando. Mphunzitsi anasankha Madala ndi Nautuchi, ndipo palibe anadandaula poyera.

Kwawo kwa Nautuchi nkhaniyo sinawasangalatse kwenikweni. Bambo ake anali atanena kalekale kuti zaka ziwirizo ndi zotaya, kuti palibe angalembe ntchito mkazi wokhoma misomali, ndipo akamaliza abwerera kudzakhala pakhomo ngati poyamba. Atamva za mpikisano anangoti, "Chabwino, tikaonera komweko," n'kupitiriza kupukuta nsapato zawo.

Tsikulo linafika. Holo inali yaikulu, ya denga la malata, mabenchi makumi awiri atandandalikidwa m'mizere inayi. Pa benchi iliyonse panali mulu wa matabwa, botolo la guluu ndi pepala la chithunzi cha ntchito: kabati kakang'ono ka pambali pa bedi, ka dilowa imodzi ndi chitseko chimodzi, kuti kathe m'maola asanu ndi limodzi. Belu likangolira, kulankhulana kunali koletsedwa. Madala anapatsidwa benchi yoyandikana ndi ya Nautuchi, mapazi awiri okha, khutu labwino lili mbali yake.

Belu lisanalire, mkulu wa oweruza anaima kutsogolo n'kunena kuti, "Pachithunzipo pali cholakwika. M'lifupi mwa kabati ndi masentimita makumi anayi, osati makumi anayi ndi anayi. Konzani ndi pensulo. Aliyense wamva?"

Holo yonse inavomera. Nautuchi anafufuta nambala n'kulemba yatsopano. Pakona ya diso anaona Madala atadzutsa mutu pang'ono, kenako n'kuweramiranso pa chopalira matabwa chimene ankachikonza.

Panali mphindi yathunthu belu lisanalire. Dzanja lake linkadziwa chochita, linali litachita zimenezo kambirimbiri. Koma m'mawa umenewo anali atayang'ana anzake onse mmene ankagwirira zipangizo, ndipo ankadziwa kuti m'holo monsemo womuposa anali mmodzi yekha. Sanaganize kuti, ndiwabisire. Anangotenga mpeni n'kuyamba kusongola pensulo imene inali yosongoka kale. Anaisongola mpaka belu linalira.

Anagwira ntchito ngati wothamangitsidwa. Anayeza, anacheka, anaboola, anamata. Kumbali kwake Madala ankaimba mluzu wopanda nyimbo, mapalo a thabwa akugwa pansi ataliatali, opiringizika bwino. Masana anamuyang'ana n'kumutsinzinira diso, ndipo iye anayang'ana kumbali. Apo n'kuti matabwa onse atachekedwa kale. Madzi akatayika sawoleka, anadziuza choncho, ngati kuti anataya ndi wina.

Nthawi itatha, oweruza atatu anayamba kuzungulira. Pa kabati ka Madala anaima nthawi yaitali. Wina anakoka dilowa n'kuikankha ndi chala chimodzi, ndipo inalowa mwakachetechete, mpweya ukutuluka m'mbali. Wina anasisita polumikizira matabwa osapeza mpata wolowa ngakhale chikhadabo. Kenako mkulu uja anagoneka tepi yoyezera pamwamba pake, anaichotsa, anaigonekanso.

"Bambo, kodi simunamve zimene ndinalengeza?"

"Mwati chiyani?" anafunsa Madala mokweza.

Ena kumbuyo anaseka. Mphunzitsi anathamangira komweko kukafotokoza za makutu awo, koma oweruza anatulutsa fomu yolembetsera, ndipo pamalo ofunsa za vuto la m'thupi panalibe chinalembedwa. Madala anali atakana okha kulembapo, poopa kuti angawakanize kupikisana. Kabati kolakwika muyeso sikankawerengedwa, ndipo lamulo linali lamulo.

Dzina la Nautuchi linatchulidwa pomaliza monga wopambana, anthu akuwomba m'manja. Madala anali oyamba kumugwira chanza. "Waikweza sukulu yathu, mwanawe," anatero. Anamuthandizanso kunyamula bokosi la zipangizo mpaka pageti.

Nautuchi ntchito anaiyamba mwezi wotsatira. Bambo ake anayamba kuuza aliyense kuti mwana wawo anatengera iwo kulimba mtima. Patatha zaka zitatu anamukweza kukhala woyang'anira gulu lopanga matebulo, anyamata asanu ndi mmodzi akumuti abwana. Za Madala ankangomva kwa anzake akale, kuti satifiketi anaitenga, kuti anamanga kashedi kuseri kwa nyumba yawo, ndipo amakonza mipando yothyoka ndi zitseko zolendewera. Kawiri konse anakwera basi yopita kumeneko n'kutsikira panjira.

Ulendo wachitatu anafika. Linali Loweruka m'mawa. Mkazi wa Madala anali kuyanika zovala, ndipo atamuzindikira anangomulozera kuseri ndi chibwano. M'kashedimo Madala anali kuchotsa mwendo wofumbwa pa tebulo la munthu. Imvi zinali zitachuluka.

"Nautuchi," anatero akumwetulira. "Kapena tsopano tiziti abwana?"

Anawapatsa moni, anafunsa za ana, ndipo zofunsa zitatha anasendera kukhutu lawo lakumanja. Mawu otere munthu amafuna kuwanong'ona, koma iye anayenera kuwanena mokweza moti ngakhale woyanika zovala anamva.

"Madala, tsiku lija ndinamva zimene analengeza. Sindinakuuzeni dala."

Madala anaika nyundo pansi. "Ndikudziwa. Ndinawaona akulankhula, ndinakuonanso iwe ukulemba. Ndinadikira kuti undikoke malaya. Utapanda kutero ndinati basi, ndi zosandikhudza."

"Ndiye munazindikira liti?"

"Tepi itagona pakabati."

"Bwanji simunanene?"

"Ndinene kwa yani? Kuti akulande mphoto? Kabati kako kanali kabwino. Dilowa yokha inkagwira pang'ono kumanzere, oweruza sanaone." Anaseka pang'ono, kenako nkhope inabwerera mwakale. "Ndisakunamize, ndinakwiya. Chaka chathunthu ndikamva fungo la guluu mtima unkandiwawa. Koma mkwiyo ndi katundu, ndipo msana wangawu unatha kale."

Nautuchi anati akalankhula ndi mkulu wa kampani, malo sangasowe. Madala anapukusa mutu. Anati anapitako okha chaka chatha, ndipo anawayeza makutu pakhomo pomwe, chifukwa wogwira pamakina amafunika kumva mnzake akakuwa. Akanapambana mpikisano uja mwina akanawaika kopanda makina, poopa manyazi obweza wopambana. Koma wongobwera yekha, wa imvi, analibe pogwira. Ananena zimenezi mopanda kudandaula, akufunafuna msomali m'chitini.

Anakhala nawo kwa ola limodzi, akuwagwirira tebulo pamene ankalowetsa mwendo watsopano. Sanakambenso za tsikulo. Potsanzikana, Madala anati azibwera.

Mkazi wawo ndi amene anamuperekeza, ndipo atafika pamsewu anaima n'kupukuta manja pa siketi.

"Mwana wanga, iwo aja anakhululuka, ndi mmene analengedwera. Ine ndidakali m'mbuyo. Mwana wathu wamkulu anasiya sukulu chaka cha mpikisano chija kuti azithandiza pakhomo, ndipo pano amanyamula katundu kudepoti. Sindikuti ndi iwe wekha unachititsa. Koma wanena zimene unabwerera, mtima wako wapepuka, ndiye zikhale pomwepo. Usamabwerebwere."

"Ndamva, mayi," anayankha.

Mayiwo anabwerera kukamaliza kuyanika. Nautuchi anayenda mpaka pokwerera basi n'kukhala pa benchi yachitsulo. Mtima sunali utapepuka ngakhale pang'ono. Basi yoyamba inaima, kondakitala anamuitana, iye sanadzuke. Anakwera yachiwiri, ndipo kunyumba ija sanapitekonso.