M'bawa wa a Festus

M'bawa unagwa masana, mvula ya mphepo ili pakati. Unazuka ndi mizu yomwe pabwalo pa a Festus, n'kulumpha mpanda, n'kukagona padenga pa nyumba ya a Elifala ngati chidakwa chosokoneza khomo. Malata a chipinda chogona anapindika, mapaso a denga anathyoka. Mwamwayi Mirriam, namwino amene ankachita lendi nyumbayo, anali kuntchito, ana ake ali kusukulu.

A Elifala anaimva nkhaniyi pafoni ali kumudzi kwawo, kuseri kwa phiri, kumene ankakhala okha m'kanyumba kosapaka pulasitala. Unyamata wawo wonse unathera ku Joni, akuwotcherera mageti a anthu ena, ndipo chooneka ndi maso chimene anapindula chinali nyumba ya pa Ntchisi bomayi basi. Lendi ya Mirriam ndiyo inali munda wawo, ndiyonso penshoni yawo.

M'mawa mwake anakwera kabaza. Njira yonse ankayang'ana mapiri amene anawasiya ali bii ndi mitengo, lero atametedwa mpala, mvula ikungokokolola dothi lofiira. Ndiye m'dziko lopanda mitengoli, mtengo umodzi wotsalawo n'kusankha denga lawo!

Anapeza Mirriam akuyanika matilesi pampanda.

"Alandilodi, ine sindikangana ndi munthu," anatero asanawapatse ndi mpando womwe. "Ana agona pabalaza ngati tili pamaliro. Mvula ikabweranso denga lili chonchi, ndikusamuka. Kuseri kwa msika kuli nyumba ikungodikira ine."

"Mayi, pepani. Ndikonza."

"Pepani sakhoma malata, bambo."

Kwa a Festus kunali kotseka. Oyandikana nawo anati mkuluyo anapita kumaliro ku Dzoole mtengo usanagwe, ndipo foni yake imakhala m'thumba la jekete, yozima. A Elifala sanadikire. Ku Joni kumene anakhala zaka zonsezo, mtengo ukagwera pabwalo pako ndi zinyalala: umaitana anthu audule, autaye, kenako n'kumakalimbana ndi mwini wake kuti abweze zimene waononga. Anatumiza uthenga kwa Godwin, wocheka matabwa wa kumsika, amene anafika makina ali paphewa.

Godwin anauzungulira mtengowo, n'kuumenya ndi chikhatho monga amachitira ogula ng'ombe.

"Ndalama musavutike nazo, bwana. Kuno timagawana pakati: matabwa theka anga, theka anu. Koma mtengowu ndi wanu?"

"Uli padenga la ndani?"

Godwin anaseka, n'kuliza makina. A Elifala mtima unakhala pansi. Theka lawolo likanakwana mapaso onse, ndipo malata ena akanangowongola.

A Festus anafika tsiku lotsatira dzuwa litakwera, nthambi zitachoka kale padenga, thunthu lili pansi, matabwa oyamba atasanjidwa. Anali mphunzitsi wopuma, wamtali, wowerama pang'ono, jekete lake la kutchalitchi lili ndi matope a m'njira. Sanakalipe. Anakhala pathunthupo, n'kuvula chipewa, makina n'kuzima okha.

"A Elifala, mwana wa a Kalebe," anayamba motsitsa mawu. "Ndamva kuti mwagawa mtengo wanga."

"Unagwera nyumba yanga, aphunzitsi."

"Mbuzi yanga ikalowa m'munda mwanu, mumaipha n'kugawira anthu nyama? Kapena mumaimanga n'kundiitana?"

A Elifala magazi anawira. "Mbuzi siithyola denga! Mayiwa akufuna kusamuka. Akachoka ine ndidya chiyani? Anthu akuti munauzidwa kalekale kuti mudule nthambi zimenezi."

"Ndinauzidwa. Sindikukana, ndinalakwa." Mkuluyo anasisita khungwa la mtengowo. "Ndinadzala iwiri chaka chimene ndinakwatira. Mayi a kunyumba atatisiya, tinadula umodzi, anapita m'bokosi la m'bawa. Uwu ndi wanga. Ndimaopa kuti ndikalola nkhwangwa pa nthambi, ifika ndi pathunthu. Ana anga ali ku Lilongwe. Ndikadzafa adzathamangira mabokosi a m'mbali mwa msewu aja, opaka vanishi wonyezimira, oti chiswe chimayamba kudya abusa asanamalize pemphero."

"Ndiye musafe msanga, madala," anatero Godwin. "Matabwawa ndi aawisi, aume kaye."

A Festus anaseka pang'ono, kenako n'kuyang'ana dengalo nthawi yaitali, ndi matilesi ali pampandawo.

"Ndalama ndilibe, a Elifala. Mnyamatayu watuluka thukuta, atenge theka lake, ndiye kuti mtengo wanga ndauchotsa ndekha. Theka linalo konzerani nyumba. Ine adzandikulunga mumphasa. Makolo athu ankapita choncho, ndipo sindinamve kuti anawabweza."

Anavala chipewa n'kuima. Nkhani inali itatha mokomera a Elifala, ndipo palibe bwalo limene likanaigamula mwina.

Koma a Elifala anangoti chilili. Ku Joni anaperekeza maliro a anzawo ambiri. Ena ankabwera kumudzi m'ngolo yokokedwa ndi basi, pakati pa mafiriji ndi njinga za anthu. Ena, amene chopereka sichinakwane, anakwiriridwa konko, m'manda a mizeremizere, popanda wodziwa ndi mfunda wawo womwe. Iwo eni chimene anabwerera kuno sichinali mapiri ometedwawa, kapena misewu yamatopeyi. Ankafuna kudzagona kwawo, moikidwa bwino ndi anthu owadziwa. Ndiye lero akhomere padenga bokosi la munthu amene wadikira mtengo wake moyo wonse?

"Godwin," anatero. "Theka linalo ucheke a bokosi. Ukawasanjike kwa aphunzitsi, pamthunzi, pokwera."

"Nanga denga, bwana?"

"Denga ndi langa."

A Festus anatsegula pakamwa, koma a Elifala anali atatembenuka kale, akuitana wakabaza.

Madzulo amenewo anthu a kumudzi kwawo anaona zachilendo: munthu wamkulu ali pamwamba pa nyumba yake, akuzula misomali mvula ili m'mitambo. Anasasula chipinda chawo chogona chonse, malata ndi mapaso omwe, n'kukokera bedi pabalaza. M'mawa mwake mlamu wawo anawabwereka ngolo, atawafunsa kaye ngati ku Joni anabwerako ndi mutu wonse. Ng'ombe zinayenda ulendo wa matope mpaka pa boma, malata akulira pa bampu iliyonse, a Elifala akuyang'ana kumwamba ngati wakuba.

Anakhoma okha, Godwin akuwapatsira. Pomwe ankamenya msomali womaliza, kum'mawa kunali kutada, mphepo itayamba kununkha mvula. Mirriam anatulukira kuchokera kuntchito, nsapato zoyera zili m'manja. Analowa m'chipindamo, n'kuyang'ana kudenga, n'kutulukanso.

"Alandilodi, malatawa ali ndi mabowo akale. Ndikuona kumwamba."

"Ndimata ndi phula pompano."

"Mwawatenga kuti?"

"Kwa mkulu wina wopusa wa kuseri kwa phiri."

Mirriam anawayang'ana, anayang'ana ngolo, ndi manja awo ochekekachekeka. Anaitana ana ake kuti alowetse matilesi kuchipinda, ndipo a Elifala anakweranso makwerero ndi chitini cha phula, madontho oyamba akugunda malata.