Chithunzi Chomwe Mlamu Anaika pa Fesibuku

Anastazia ndi mlangizi wa zaumoyo ku Ndamera, ndipo nambala ya foni yake imadziwika m'midzi yonse mpaka kudambo. Mwana akatentha thupi, mayi woyembekezera akamva kupweteka, anthu amaimbira iye. Choncho foni italira Lolemba m'mawa ali pa sikelo ya ana, anaiyankha msanga.

"Halo, ndine Smart, ndili ku Nchalo," anatero mawu achimuna. "Ndakuonani pa Fesibuku. Ndinu okongola ndithu. Koma kuphika mumatha?"

Anadula poganiza kuti ndi woledzera. Asanamuike mwana wina pa sikelo, inaliranso. Uyu anali wa ku Limbe. Wina anayankhula Chisena chokhachokha, akuti ali kutsidya kwa malire ndipo njinga yamoto ali nayo. Wina sanaimbe, anangotumiza pa Watsapu chithunzi chonyansa chomwe Anastazia anafufuta pomwepo.

Masana, mnzake wa kuntchito, Tithokoze, anamuitanira kuseri kwa chipatala n'kumuonetsa foni. Pa tsamba lina la anthu ofuna mabanja panali Anastazia, atavala diresi ya buluu, akuseka. Pansi pake analemba kuti: mkazi wa zaka makumi atatu ndi zitatu, wapantchito, wopemphera, wopanda mwana, akufuna mwamuna wotsimikiza. Kenako nambala yake yonse.

Ndemanga zinali mazanamazana. "Msinkhu umenewu wopanda mwana? Pali vuto pamenepa." "Otsalira atulukira." Ena ankafunsa za malipiro ake.

Anastazia anachizindikira chithunzicho. Amene anamujambula ndi mlamu wake Lilian, pa chinkhoswe cha msuweni wawo. Anamuimbira nthawi yomweyo, koma Lilian sanayankhe.

Pofika Lachinayi anali atatopa, ndipo analeka kuyankha manambala achilendo. Masana a tsikulo, dzuwa likuswa mtengo, nambala ina inaimba mobwerezabwereza. Iye anatukwana chamumtima n'kuponya foni m'chikwama.

Sanali mwamuna wofunsira. Anali Anna, mkazi wa msodzi wina dzina lake Fanizo, akuimba pa foni yobwereka. Mwana wawo anali atayamba kukomoka ndi malungo. Atasowa wowayankha anadikira, akuyesabe kuimba, mpaka Fanizo anamumangirira mwanayo kumsana n'kupalasa njinga mumchenga wotentha kukafika kuchipatala. Mwana anapulumuka. Koma Anastazia atalowa mu wodi, Fanizo anamuyang'ana, thukuta likuyenderera, n'kunena motsitsa mawu:

"Tinakuimbirani, alangizi."



Loweruka anakwera minibasi yopita pa boma la Nsanje, kwa mchimwene wake Kaitano, kumene amayi awo amakhalanso. Anapeza Lilian, mkazi wa Kaitano, akuchapa pabwalo.

"Alamu! Mwabwera osanena?" Lilian anamwetulira. "Kapena mwabwera ndi nkhani yabwino?"

"Anakupatsani ndani chilolezo choika nkhope yanga pamsika ngati mlamba wouma?"

"Aaa, alamu, n'zamasiku ano izi. Anzanu akupeza mabanja momwemu. Ine ndimafuna kukuthandizani."

"Ndinakuuzani kuti ndikuvutika? Ndinabwera pano kudzalira kuti usiku ndikuzizidwa? Mwalemba ngati ndine ndalemba! Anthu amene ndimawayezera ana awerenga zimenezi. Amuna osawadziwa akunditumizira zaumve. Mwana wa anthu akanafa chifukwa ndimaopa foni yanga yomwe!"

Kaitano anatuluka m'nyumba atanyamula malaya m'manja. "Chepetsa mawu, Anastazia. Anthu akumva."

"Amve! Dziko lonse lawerenga kale zoti ndilibe mwana, achimwene, ndiye muope anthu apafupi?"

Apo amayi awo, omwe anakhala phee pamkeka akusenda nthochi, anayankhula osadzutsa mutu.

"Musiye mlamu wako. Ndinamutuma ndine."

Anastazia anatembenuka pang'onopang'ono. "Inu, amayi?"

"Ang'ono ako onse ali pabanja. Kutchalitchi amandifunsa, ndiyankhe chiyani? Ndimwalire osaona mwana wako?"

"Mwamuna wanga wakale uja, Elisha, munamuiwala?" anatero Anastazia. "Munandikakamiza kuti ndipirire naye chifukwa amagwira ntchito ku esiteti ya nzimbe. Atandithyola dzino, ndi inuyo munandipukuta magazi. Tsiku limenelo munati bola kukhala ndekha. Lero mwandipereka kwa aliyense amene ali ndi mayunitsi?"

"Si amuna onse ali choncho."

"Ndikudziwa. Ndikafuna mwamuna ndidzamupeza ndekha, ndi maso anga. Ndikapanda kumufuna, nawonso ndi moyo. Ndimadya, ndimagona, ndimaseka. Chikusowetsani tulo n'chiyani?"

Anastazia anaima pamaso pa Lilian mpaka mlamuyo anapukuta manja, n'kutenga foni, n'kufufuta uthengawo iye akuona. Koma zinali zitachedwa. Lilian mwini anavomera, akuyang'ana pansi, kuti masamba ena anali atakopera kale chithunzicho.

"Mungosintha nambala," anatero Kaitano.

"Ndiye ndiyende khomo ndi khomo kudambo konse kuuza anthu yatsopano? Odwala azindipeza bwanji? Inu mulakwe, ine ndithawe?"

Sanakhale pansi, sanamwe ngakhale madzi. Amayi anamutsatira mpaka pamsewu atanyamula phava la nthochi, koma iye anakwera kabaza osacheuka.

Amuna aja anapitiriza kuimba kwa milungu ingapo. Ankayankha foni iliyonse, ndipo aliyense wofunsa za ukwati ankamva mawu omwe sanawayembekezere kwa mkazi wopemphera. Pa Khirisimasi sanapite ku boma.

Madzi osefukira ataphwa, amayi ake anabwera okha ku Ndamera. Anawapeza atakhala pakhonde, fumbi lili mbuu kumapazi. Sanapepese. Anakhala masiku angapo, akumusesera pabwalo, akudandaula za udzudzu ndi za bondo lawo. Za banja sanatchule. Tsiku lobwerera, Anastazia anawanyamulira chikwama mpaka pa siteji, koma moni wopita kwa Lilian sanawapatsire.