Zam'kati mwa Mapaipi

Mayi injiniya anatha miyezi isanu ndi iwiri akuwerengetsera denga la holo yatsopano ya bungwe lina. Linali la mamita makumi anayi, lopanda mzati pakati, lonse logona pa mapaipi achitsulo olukanalukana. Tsiku loti kireni ikweze chigawo choyamba, kunatulukira a wapampando a bungwelo atavala suti ndi chisoti chonyezimira.

Anawerama n'kusuzumira m'paipi imodzi imene inali pansi. Kumapeto kwake anaona nsapato za dalaivala wawo.

"Mayi, zam'katimu zapita kuti?"

"Mapaipi amakhala choncho, bwana. Mphamvu yake ili m'mbalimu. Atakhala odzaza, denga lingagwe ndi kulemera kwake komwe."

"Musandione ngati mwana. Ife tinaitanitsa chitsulo, inu mwabweretsa mphepo yokutira!"

Ntchito inaima. Anakhazikitsa komiti ya anthu asanu ndi anayi yofufuza chitsulo chosowacho, ndipo inakumana katatu kuhotela. Mlonda atafunsidwa ngati anaona munthu akutuluka ndi zam'kati mwa mapaipi, anati anaonapo galimoto yoyera. Zimenezo zinalembedwa. Masamu amene mayiyo anabweretsa palibe anawatsegula. Komiti inagamula kuti chitsulocho chibwerere m'malo mwake pasanathe sabata.

Mayiyo anakakhala pa chigubu cha penti kuseri kwa kontena, n'kuyamba kulemba kalata yosiya ntchito. Ndi pamene anawapeza mkulu wowotcherera, bambo wa imvi amene sankalankhulalankhula.

"Mwana wanga, papulani yanu si paja munalemba kuti kukamwa kwa paipi iliyonse titseke ndi kachitsulo, madzi asamalowe?"

"Eya, koma imeneyo ndi ntchito yomaliza."

"Ndiye tiyambire komalizako."

Anawotcherera masiku awiri, n'kupaka penti. A wapampando atabwera anasuzumira, osaona kanthu. Anamenya paipi ndi nsapato, n'kudumpha atagwira chala chakuphazi.

"Mwaona?" anauza akomiti uku akutsimphina. "Anthuwa ukawaopseza amabweza."

Denga linakwera monga momwe linajambulidwira. Potsegulira holoyo, a wapampando analankhula ola lathunthu za momwe anapulumutsira chitsulo cha bungwe, anthu n'kuwomba m'manja. Mayi injiniya anaima kumbuyo, maso ali m'mwamba pa mfundo za mapaipi, ndipo zonse zinali bwinobwino.

Lolemba lotsatira analandira kalata yowachenjeza chifukwa chochedwetsa ntchito ndi masabata atatu.