Nsawawa za a Injiniya

Mayi wina anaphunzira kuyendetsa kombaini, makina okololera mbewu, atakhala pampando wapambali, amuna ake ali pachiwongolero. Bambowo anakolola tirigu zaka makumi awiri, mpaka msana unawakaniza kukwera makwerero a makinawo. Mwini famu anapereka makiyi kwa mayiyo. Kwa bambowo kunatsala pakamwa, ndi dzina loti Injiniya limene anzawo ankawatchula akubisa kuseka.

Tsiku lokolola nsawawa, a Injiniya anakhazika mpando wapulasitiki m'mphepete mwa munda n'kuyamba kulamula. Anati mgolo wopunthira uzungulire mwaliwiro, mpata wake upanikizidwe, fani youlutsa makoko ichepetsedwe. Mayiyo anavomera zonse mwaulemu. Atatseka chitseko cha kombaini anachita zake. Liwiro la mgolo analitsitsa kufika theka, mpata anautsegula, mphepo anaiwonjezera kuti makoko aziuluka, mpeni anaugwetsa pafupi ndi nthaka poti mbewuzo zinali zitagona. Ankadziwa kuti nsawawa youma ukaimenya ngati tirigu imasweka pakati.

Mayiyo akamadutsa pafupi, bambowo ankakupiza manja m'mwamba ngati wapolisi wapamsewu. Iye ankangogwedeza mutu.

Masana kunabwera mlimi wa famu yoyandikana. Anapisa dzanja m'ngolo n'kutulutsa nsawawa zamphumphu, zopanda ndi mng'alu womwe, ndipo anafunsa amene anatchera makinawo. A Injiniya anadzuka msangamsanga, msana utaiwalika. Anatchula manambala awo onse pamtima, n'kuwonjezera kuti mkazi amatha ntchito bola pakhale mwamuna womuuza chochita.

Mayiyo anali atatsegula kale pakamwa kuti achenjeze mlimiyo. Atamva zimenezo anapatseka, n'kupitiriza kupukuta galasi.

M'mawa mwake mlimi uja anadzatenga a Injiniya pagalimoto kuti akamutcherere kombaini yake. Mayiyo anawasitira malaya, kolala yomwe.

A Injiniya anabwera wapansi dzuwa lili paliwombo, kapusi itayera ndi ufa wa nsawawa. Anakhala pakhonde osavula nsapato. Anati makina a uko ndi akale, nsawawa zake n'zouma mopitirira, ndipo mwini wake ndi munthu wosayamika, wowathamangitsa ngolo yoyamba isanadzaze. Mayiyo anawatsanulira madzi akumwa.

"Komanso dalaivala wake samva," anatero a Injiniya.

"Ayi bambo," anayankha mayiyo akulandira kapu, "ameneyo ndiye amamva."